Funsani Akatswiri: Anthu Akuithawa Pulogalamu Yathu

Funso: Ndimaphunzitsa kompyuta ku Kasungu. Tapanga pulogalamu ya pafoni yothandiza anthu ovutika maganizo, koma ambiri akaitsegula kamodzi sabwereranso. Tikulakwitsa pati?

Yankho: Aphunzitsi, yambirani pa tsamba loyamba. Munthu wosweka mtima alibe mphamvu zodzaza fomu yaitali, choncho musamufunse dzina kapena nambala asanaone phindu lake. Mafunso 9 a PHQ-9, fomu yoyezera mmene munthu wavutikira maganizo, aikeni limodzi pa tsamba lililonse, mabatani asachepere 48dp (dp ndi muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini ya foni) kuti chala chisaphonye.

Funso la 9 ndi la maganizo ofuna kudzipha, ndipo apa musachite mphwayi. Akayankha china chilichonse kupatula "ayi", pomwepo pabwere batani loimbira munthu amene amamudalira, pamodzi ndi uthenga womulimbikitsa kupita ku chipatala cha boma cha Kasungu kapena chapafupi tsiku lomwelo.

M'makomo ambiri foni ndi imodzi, ya bambo, mayi ndi ana omwe. Ikani PIN. Uthenga wokumbutsa usatchule matenda, "Mwadzuka bwanji?" ndi wokwanira. Mawu oti "misala" asapezeke paliponse, amachititsa manyazi. Lembani "nkhawa" kapena "kuganiza kwambiri".

Ku Santhe kapena ku Chulu netiweki ikadula, mayankho asungike m'foni. Munthu akayambiranso pachiyambi kawiri, amangoifufuta pulogalamuyo.