Kodi wogonja pa chisankho angakhale nduna?

Mmodzi wa owerenga wandilembera pa imelo kufunsa ngati malamulo amalola kuti munthu amene anthu a m'dera lake anamukana pa chisankho cha aphungu apatsidwe unduna, komanso ngati munthu amene ali ndi mlandu ku khoti angaime pa chisankho.

Pa funso loyambalo, bambo, yankho ndi lakuti amalola. Gawo 94 la malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 limapatsa Pulezidenti mphamvu yosankha nduna, ndipo silinena kuti wosankhidwayo akhale phungu. Chofunika n'chakuti akhale nzika ya Malawi, wa zaka zosachepera 21, wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingelezi, komanso wolembetsa m'kaundula wa ovota. N'chifukwa chake a Atupele Muluzi, amene anataya mpando wawo wa ku Machinga mu 2019, anasankhidwa kukhala nduna ya zamphamvu mu 2020, ndipo chaka chomwecho a Timothy Mtambo ndi a Gospel Kazako analowa m'nduna za a Lazarus Chakwera asali aphungu. Ku Zambia n'kosiyana, chifukwa kumeneko nduna imayenera kukhala phungu, kaya wovoteredwa kapena wosankhidwa ndi Pulezidenti.

Funso lachiwirilo ndi limene limasokoneza ambiri. Gawo 51, lokhudza aphungu, limaletsa munthu amene khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wa chinyengo kapena wa khalidwe lonyansa m'zaka 7 zapitazo, ndipo chiletso chomwechi chimagwiranso nduna ndi ofuna upulezidenti. Kumangidwa ndi apolisi kapena kufufuzidwa ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB sikuletsa munthu kuima, popeza gawo 42 limamutenga woimbidwa mlandu kukhala wosalakwa kufikira khoti litagamula. Oletsedwa ena ndi amene khoti linanena kuti mutu wawo suli bwino, amene anagamulidwa kuti alephera kubweza ngongole ndipo sanamasulidwe, asilikali ndi apolisi amene ali pa ntchito, ogwira ntchito m'boma amene sanatule pansi udindo, ndiponso amene analumbira kukhulupirika ku dziko lina. Satifiketi ya MSCE, imene ambiri amaiyesa lamulo, simatchulidwa m'gawo 51.

Ine ndimaona kuti lamuloli lili bwino pa aphungu, chifukwa kukanakhala kuti kumangidwa kokha kumakwanira, boma lililonse likanamatsekera otsutsa m'chitokosi masabata ochepa kusanafike kupereka zikalata ku bungwe loyendetsa chisankho la MEC. Pa nduna nkhani ndi ina. Palibe amene ali ndi ufulu wokhala nduna, ndipo Pulezidenti akhoza kuichotsa tsiku lililonse osadikira chigamulo. Choncho nduna yoimbidwa mlandu wa katangale ikapitirira kukhala pa mpando, lamulo silinaphwanyidwe, koma woyenera kufunsidwa chifukwa chake ndi Pulezidenti amene waisunga.