Za haplotype zija, msuweni

Halo... ikujambula? Eya. Msuweni, ndauona uthenga wako pagulupa, wakuti "kodi haplotype umangoitchulayi n'chiyani, nanga pa kompyutapo umawerengera chiyani usiku wonse?" Iwe lero kufunsa za sukulu yanga? Iwe amene unkandibisira makope m'nkhokwe ya agogo? Hahaha. Chabwino.

Haplotype ndi... ndinene bwanji... zilembo za DNA zoyandikana pa kromosomu imodzi, zimene mwana amalandira pamodzi kwa kholo limodzi, ngati mtolo wa nkhuni womangamanga. Jini ya sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo aja, ili pa kromosomu 11, ndipo mitolo yake yodziwika ilipo isanu: Benin, Senegal, Cameroon, Arab-Indian ndi Bantu, wofala ku Congo, Angola ndi Tanzania uja. Tsono makina oyezera DNA amangokuuza zilembo, sanena kuti ichi n'cha mayi, ichi n'cha bambo. Kompyuta ndiye imayerekeza, kubwereza, kuyerekezanso, mpaka yankho litasiya kusintha. Njirayi amati EM. Kenako timaona ngati odwala a mtolo wakutiwakuti ali ndi HbF yambiri, magazi a ukhanda aja... ayi, osati magazi, hemoglobin ya ukhanda, chonyamula mpweya m'magazi, imene imachepetsa ukali wa matendawa.

Koma dikira, ukukumbuka mbuzi za a malume? Zamawanga zija? Iwe unali wamng'ono, mamina ali chuu. Anali nazo zitatu, zonse zinaswa mapasa chaka chimodzi. A malume basi, atulukira chinsinsi! Madzulo aliwonse pansi pa mtengo wa mango paja, chipewa chili pabondo, "Mbuzi yamawanga ndi ya mapasa, ine ndafufuza." Azakhali kuwaletsa, iwo osamva. Anagulitsa njinga, njinga ya agogo aamuna ija, imene inayambitsa mlandu uja... tisaikumbe. Ulendo wa ku Lizulu, kukagula zamawanga zinayi. Pobwera anachita kuyenda pansi, chingwe m'manja, akuimba. Miyezi itakwana, imodzi kamwana kamodzi, inayo kamodzi, yachitatu kamodzi. Yachinayi inali yosabereka n'komwe! Ndi agogo aakazi anadzawauza, ali phee akupeta chimanga, kuti zitatu zoswa mapasa zija mayi wake anali mmodzi, ndipo ndi zimene ankazipatsa madeya kuseri kwa khitchini. A malume mpaka lero ukangotchula Lizulu amadzuka n'kumapita kudimba.

Ntchito yanga yonse ndi kuletsa asayansi kugulitsa njinga, basi. Timafunsa: anthu ake ndi angati, atatu kapena mazana? Si pachibale kapena ochokera dera limodzi? Sakumwa hydroxyurea, mankhwala amene nawonso amakweza HbF? Amenewo ndiye madeya. Zonsezi timaziika mu regression, masamu olekanitsa mphamvu ya chinthu chilichonse pachokha, ndi msinkhu womwe. Ndiye pali p-value, nambala yotithandiza kuona ngati zotsatira zingabwere mwangozi chabe, malire ake ambiri amaika 0.05. Koma ukayesa zinthu 20 zopanda mgwirizano uliwonse, yembekezera kuti chimodzi chioneka ngati chatheka mwangozi chabe, n'chifukwa chake timakhwimitsa malirewo, amati Bonferroni. Zitasefedwa choncho, zimaonekadi kuti Senegal ndi Arab-Indian amakhala ndi HbF yokwera kuposa Bantu.

Hmm. Koma iwe sunafunse zimenezi, eti? Ndikudziwa. Chinkhoswe chili pafupi, ndipo mwana wa achemwali uja tonse tinamuona mmene ankavutikira. Ukufuna ndikuwerengere ngati ana ako adzadwala. Sindingathe, mbale wanga. Masamu angawa amanena za gulu la anthu, sanena za mwana wako. Ngakhale odwala awiri a mtolo umodzi, wina amagonekedwa kawirikawiri, wina ayi. Chimene chikukhudza iwe n'chapafupi: kayezetseni magazi nonse awiri. Mukapezeka nonse AS, kutanthauza onyamula jini imodzi ya sickle cell, mimba iliyonse mpata wa mwana wa SS, wodwalayo, ndi umodzi pa inayi. Iliyonse, wamva? Osati woyamba akadwala ndiye atatu otsatira apulumuka, ayi. Mmodzi akakhala AA, wopanda jiniyo, mwana wa SS palibe.

Ndiye za haplotype undisiyire ine, iwe ukayezetse. Ndipo alamu athuwo usawasiye kunyumba ati "ine ndili bwinobwino, ndimasewera mpira." Wa AS amaoneka wathanzi ngati wina aliyense. Nonse awiri, chipatala chachikulu, chinkhoswe chisanafike. Ya minibasi ndikutumizira pa Mpamba. Ndipo a malume ali pagulu lomweli, eti? Mayo ine... ifufute ukamvera.