Kunyamula zitsulo kwa woyamba kumene: yankho kwa mnyamata wofuna kujintcha

Mnyamata wina wa zaka 22 wandilembera imelo kuchokera ku Lilongwe. Akuti ndi wowonda, amalemera makilogalamu 60, ndipo wayamba kupita pajimu ina ya kuseri kwa nyumba komwe amanyamula zitsulo zoumba ndi simenti. Anzake a pamalopo amuuza kuti azipopa chidali ndi akatumba tsiku lililonse, agule chitini cha ufa wa mapuloteni, ndipo wina wamunong'oneza kale za mapilitsi ndi jakisoni. Akufunsa kuti ayambire pati, adye chiyani popeza m'thumba simulankhula kwenikweni, komanso papita nthawi yaitali bwanji kuti anthu ayambe kuona kusintha.

Achimwene, zikomo polemba musanameze kalikonse. Ndiyambe ndi chimene anzanuwo sanakuuzeni. Mnofu umakula ukagwira ntchito yoposa imene unazolowera, kenako n'kupatsidwa chakudya ndi mpata wodzikonza. Ukazolowera ntchito yatsopanoyo, muyenera kuwonjezeranso. Mu 1945, dokotala wa gulu la nkhondo la America, Thomas DeLorme, analemba za mmene ankabwezeretsera mphamvu asilikali ovulala pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse powanyamulitsa zolemera zimene ankaziwonjezera pang'onopang'ono. Pofika 1948, iye ndi mnzake Arthur Watkins anali atakhazikitsa dongosolo la maseti atatu, seti iliyonse kunyamula ka 10. Dongosolo lomwe mumalimva pajimu iliyonse lija linachokera m'chipatala, kwa anthu ofooka kuposa inu, ndipo chomwe chinkawapatsa mphamvu n'kuwonjezerako mlungu ndi mlungu.

Tsono kuti muwonjezere, muyenera kudziwa chimene mukunyamula. Apa mpamene majimu a simenti amatipusitsa. Kujimu ya m'tauni mpini wautali umalemera makilogalamu 20 ndipo mbale iliyonse inalembedwa nambala. Kwanuko kuli paipi yokhala ndi zibuma ziwiri zomwe zinaumbidwa m'zitini za penti, ndipo munthu amangoti "ichi ndi chachikulu, icho ndi chaching'ono". Zibuma ziwiri zoumbidwa m'chitini chimodzi zikhoza kusiyana ndithu kulemera, malinga ndi mchenga, miyala ndi madzi a tsikulo. Mpini ukapendekeka, phewa limodzi ndi lomwe limalipira. Gwirizanani ndi anzanu, munyamule zonse pa wilibala mupite nazo kwa munthu wa sikelo, kaya wogula mbewu kaya wogula zitsulo zakutha. Yezerani pa sikelo imodzi yomweyo kuti ngakhale ikhale yonama, iname mofanana, ndipo lembani nambala pa chibuma chilichonse ndi penti. Mukatero umbani tizibuma ting'onoting'ono ta kilogalamu imodzi kapena awiri. Izi n'zofunika kuposa chibuma chachikulu china, chifukwa munthu sangadumphe kuchoka pa 30 kufika pa 50 tsiku limodzi, koma pa 30 kupita pa 32 angathe. Ngati simenti palibe, lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi: mabotolo awiri omangiriridwa ndi linya uku ndi uku agwira ntchito yomweyo. Onaninso ngati simenti yang'aluka pomwe yagwira paipi komanso ngati benchi likugwedera musanagonepo.

Za kupopa chidali tsiku lililonse, zisiyeni. Mnofu womwe wagwira ntchito yolemetsa umafuna pafupifupi masiku awiri kuti udzikonze, ndipo kukula kumachitika pa nthawi yopumayo. Pitani katatu pamlungu, tinene Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo tsiku lililonse thupi lonse ligwire ntchito. Simukufunika masewera 15. Asanu akukwanirani kwa miyezi yambiri: squat ya miyendo, bench press (kukankhira mpini m'mwamba mutagona chagada pa benchi) kapena mapushiapu a chidali, kukankhira mpini m'mwamba mutaimirira pofuna mapewa, kukokera mpini kumimba mutawerama kapena kudzikoka pa mtanda wachitsulo pofuna msana, ndiponso deadlift, yomwe ndi kudzutsa chitsulo pansi mpaka mutaima njo. Deadlift ichiteni kamodzi kapena kawiri pamlungu, imatopetsa kwambiri. Akatumba asakudetseni nkhawa, amagwira kale ntchito pokoka paja. Mukafuna, wonjezerani maseti awiri kumapeto.

Ndikhalitse pang'ono pa squat, chifukwa ndi yomwe anyamata ambiri amaithawa, n'kutsala ndi chidali chotukumuka pa timiyendo tosagwirizana nacho. Minofu ya ntchafu ndi matako ili m'gulu la ikuluikulu kwambiri m'thupi, ndiye munthu wofuna kuti sikelo ikwere sangaisiye. Yambani opanda mpini paphewa. Gwirani chibuma chimodzi cha makilogalamu 8 kapena 10 pachifuwa ndi manja onse awiri. Mapazi atalikirane mofanana ndi mapewa, zala ziloze panja pang'ono. Kokani mpweya, limbitsani mimba ngati munthu akufuna kukumenyani chibakera pamchombo, kenako tsikani mpaka chiuno chifike pamzere wa mawondo kapena kupitirira pang'ono. Zidendene zisachoke pansi, mawondo atsate kumene zala zaloza, asagwere mkati. Dzukani mukukankha nthaka ndi phazi lonse, ndipo mpweya muutulutse mukuyandikira pamwamba. Mukatha kuchita zimenezi bwinobwino ka 12 ndi makilogalamu 20, mwakonzeka kuika mpini paphewa. Pa deadlift lamulo ndi loti mpini uyende mokhudza miyendo, msana ukhale wowongoka, ndipo ntchito igwiridwe ndi chiuno ndi ntchafu. Msana ukayamba kupindika, chitsulocho chakukulirani, chepetsani. Pa bench press musagone pansi pa mpini wolemera popanda munthu woima kumutu kwanu.

Gulani kope la masamba ochepa, la ana a sukulu lomweli. Seti iliyonse munyamule pakati pa ka 8 ndi ka 12, maseti atatu, kupuma mphindi ziwiri pakati pake. Sankhani kulemera koti mukamamaliza seti mumve kuti mukanatha kunyamulanso kamodzi kapena kawiri basi. Lembani tsiku, sewero, makilogalamu ndi kangati. Mwachitsanzo, Lolemba mwalemba kuti bench, 30, ka 10, ka 9, ka 8. Lachitatu cholinga chanu n'kuposa pamenepo ngakhale ndi kamodzi kokha. Tsiku lomwe mudzalembe 12, 12, 12, wonjezerani makilogalamu 2, kapena 4 ngati ndi sewero la miyendo, n'kuyambiranso pa ka 8. Ndimakonda kope kuposa foni chifukwa foni ikakhala m'manja, mphindi ziwiri zopuma zimasanduka khumi. Musanayambe, tenthetsani thupi mphindi zisanu podumpha chingwe kapena kuthamanga pang'ono, kenako chitani seweroli ndi chitsulo chopepuka kaye. Zonse pamodzi zisapyole ola limodzi.

Tsopano za chakudya. Ofufuza apeza kuti munthu wonyamula zitsulo amapindula mokwanira akamadya pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa inu a makilogalamu 60, ndi magalamu 96. Tiwerenge ndi zapamsika. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, atatu ndi 18. Soya pieces zouma pafupifupi theka lake ndi mapuloteni, ndiye magalamu 50 akupatsani cha m'ma 25. Usipa ndi matemba ouma nawonso ali pamenepo kapena kuposerapo, ndipo mumadyera limodzi ndi minga zomwe zimalimbitsa mafupa. Mbale yabwino ya nyemba, khobwe kapena nandolo ili ndi cha m'ma 15 mpaka 20. Mtedza uli ndi magalamu 25 pa 100 alionse, kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8. Phala la mgaiwa lotsira nsinjiro ndi mazira awiri m'mawa, nsima ya nyemba ndi masamba masana, mtedza wokazinga chakumadzulo, nsima ya usipa kapena soya usiku: mwafika kale pafupi ndi 96, chifukwa ufa womwewo ulinso ndi mapuloteni pang'ono, makamaka mgaiwa. Vuto la mbale yathu n'lakuti nsima imachuluka, ndiwo n'kukhala zongopakira mbamu. Nsimayo musaichepetse, munthu wowonda amaifuna kuti apeze mphamvu, koma ndiwo ziwirikize. Mtedza muzisankha bwino, wachuku ndi wonyala tayani, chifukwa chuku chimenechi chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi.

Ngati masana mumapalasa kabaza, mumasenza katundu kapena mumagwira ganyu yamphamvu, chakudya chanu chiyenera kuchuluka kuposa cha munthu wa mu ofesi, apo ayi zitsulo zidzangokuwondetsani. Sikelo ndi yomwe idzakuuzeni zoona. Dziyezeni kamodzi pamlungu, m'mawa musanadye. Kilogalamu imodzi pamwezi ndi liwiro labwino. Mwezi ukatha nambala isanasunthe, wonjezerani chakudya: mbatata, nthochi, mapeyala, chinangwa. Ndipo gonani maola 7 mpaka 9.

Ufa wa m'chitini uja si woipa. Wotchuka kwambiri, whey, umachokera ku madzi otsala popanga tchizi, ndipo supuni yake imodzi imapereka magalamu 20 mpaka 25 a mapuloteni, ofanana ndi mazira anayi. Yerekezani nokha mtengo wa chitini ndi wa mathireyi a mazira. Kwa munthu woti ndalama n'zowerengeka, ine ndimati mazira. Pa zonse zogulitsidwa m'zitini, chomwe chafufuzidwa kwambiri n'kupezeka kuti chimathandizadi ndi creatine monohydrate, magalamu 3 mpaka 5 patsiku, koma nayonso imangowonjezera pang'ono pa ntchito yomwe mwagwira kale. Chaka choyamba mukhoza kukhala opanda.

Mapilitsi ndi jakisoni ndi nkhani ina, ndipo apa ndikupemphani ngati mbale wanu. Zomwe zimayenda mobisa zili mitundu iwiri. Pali mapilitsi onenepetsa, ena mwa iwo cyproheptadine, mankhwala a ziwengo omwe amangowonjezera chilakolako cha chakudya ndi tulo, ndi dexamethasone, yemwe amatupitsa nkhope ndi mimba, amakweza shuga, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amafooketsa minofu yomwe mukufuna kumangayo. Ndiye pali ma steroid omanga minofu, otsanzira mahomoni achimuna. Amenewa amakulitsadi thupi, sindikunamizani. Koma thupi likaona kuti mahomoni akubwera kuchokera kunja, limasiya kupanga ake. Machende amafota, umuna umachepa mpaka ena kulephera kubereka, mawere amatha kumera, ziphuphu zimadzaza msana, magazi amathamanga, mtima umakula molakwika, ndipo a mapilitsi amapweteka chiwindi. Wogulitsayo sadziwa chomwe chili m'botolomo, ndipo singano yobwerekana imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Zithunzi za pa Instagram zisakupimitseni molakwika. Arnold Schwarzenegger, yemwe anapambana mpikisano wa omanga minofu wa Mr. Olympia ka 7, kuphatikizapo mu 1975 ku Pretoria, anavomera yekha poyera kuti ankagwiritsa ntchito ma steroid pa nthawi yomwe malamulo a ku America anali asanawakhwimitsire. Matupi a pa mpikisano umenewo si muyezo wa mnyamata wodya nsima ndi usipa, ndipo simunalephere kanthu mukapanda kufanana nawo. Pa zaka 22 thupi lanu likupanga lokha mahomoni okwanira.

Za ululu. Kuphwanya kwa minofu komwe kumabwera mawa lake, n'kufika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kwachibadwa ndipo kumachepa thupi likazolowera. Ululu wobaya pamfundo, paphewa, pabondo kapena wotsika kuchokera kumsana kupita kumwendo ndi chizindikiro choti musiye seweroli. Mukaona mkodzo wakuda kwambiri pambuyo pochita mopyola muyezo, minofu itatupa ndi kuwawa koopsa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mnofu wowonongeka ukhoza kupweteka impso. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi mwambo wa majimu ena wokhaulitsa mlendo tsiku loyamba kuti aone ngati ali mwamuna. Mukadwala malungo, pumani mpaka mutamaliza mankhwala ndi kupezanso mphamvu, kenako yambirani pa kulemera kocheperako. Ndipo amene ali ndi BP, vuto la mtima, kapena chotupa m'mphechepeche chomwe chimatukumuka akatsokomola, ayambe waonana ndi dokotala.

Funso lanu lomaliza ndi la nthawi. Milungu inayi kapena isanu ndi umodzi yoyamba nambala za m'kope zidzakwera msanga koma pagalasi simudzaona zambiri, chifukwa pa nthawiyi ubongo ndi mitsempha ndi zomwe zikuphunzira kugwiritsa ntchito minofu yomwe muli nayo kale. Anthu ambiri amasiyira pamenepa poganiza kuti sizikuyenda. Kukula kooneka kumayamba pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo anthu ena amayamba kufunsa cha m'ma miyezi isanu ndi umodzi. Liwiro limasiyana malinga ndi chibadwa, choncho musadzipime ndi mnzanu wa pabenchi. Bwerekani tepi ya telala muyeze chidali, mkono, chiuno ndi ntchafu kamodzi pamwezi, n'kulemba kumapeto kwa kope. Tsiku lina sewero lina lidzaima, nambala osasuntha milungu iwiri kapena itatu. Zikatero yang'anani kaye tulo ndi chakudya. Ngati zonse zili bwino, chotsani makilogalamu 4 pa 40 alionse, mukwerenso pang'onopang'ono mpaka mutadutsa pomwe munaima. Dongosolo lonse musalisinthe miyezi isanu ndi umodzi isanakwane.