Yankho kwa mayi a ku Linthipe pa nkhani ya penshoni ndi gulu la pa WhatsApp

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwanena kuti muli ndi zaka 44, mwagwira ntchito zaka zambiri pa sukulu ina yomwe si yaboma kuno ku Dedza, ndipo pa gulu lina la pa WhatsApp mwamva kuti lamulo latsopano likulola aliyense kutenga penshoni yake yonse. A pagulupo akukulimbikitsani kuti musiye ntchito, mutape ndalamazo n'kuziika kwa iwo kuti zibereke kawiri pa mwezi umodzi, ndipo mwatumiza kale K300,000 pa foni monga ndalama yolowera. Mukufunsa ngati zimenezi zili zoona komanso ngati ndalama yanu ingabwerere.

Chonde musalembe kalata yosiya ntchito. Lamulo latsopano liripodi, ndilo Pension Act la 2023 lomwe linalowa m'malo mwa la 2011, koma silinena zimene akukuuzanizo. Mwa zomwe linasintha, munthu amene ntchito yamuthera tsopano amadikira miyezi itatu, osati isanu ndi umodzi, asanapemphe gawo la ndalama zake, ndipo wopuma pantchito angathe kulandira theka la penshoni yake nthawi imodzi, pomwe kale inali 40 peresenti. Gawo lotsalalo ndi loti muzilandira pang'onopang'ono mu ukalamba wanu. Zaka zopumira pantchito zimayambira pa 50, ndiye inu simunafikepo, ndipo mukasiya ntchito lero mudzangopeza kuti malipiro aima, ndalama zomwe mwaloledwa kutenga ndi zochepa poyerekeza ndi zomwe munalonjezedwa, ndiponso 10 peresenti imene abwana anu amakuikirani mwezi uliwonse pamwamba pa 5 peresenti yanu yaleka kulowa. Pamodzi ndi ntchitoyo mudzataya inshulansi ya moyo yomwe lamulo limakakamiza olemba ntchito kudulira antchito awo, imene ikanathandiza ana anu mutamwalira muli pantchito.

Ndikumvetsa chifukwa chake uthenga wotere umagwira mtima. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu ambiri anayamba kuona ngati ndalama ya m'thumba la penshoni ikungosungunuka pomwe mtengo wa feteleza ndi fizi ya ana zikukwera, ndipo nkhawa imeneyo ndi yomveka. Akamberembere amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amakutumizirani zithunzi za mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba oonetsa kuti wina walandira, ndi uthenga wa mawu wa mayi akulira ndi chimwemwe kuti wagula malata. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: oyamba kulowa amalipidwa ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo tsiku limene olowa achepa, gulu limatsekedwa, manambala osapezekanso.

Pamalamulo, aliyense wosonkhetsa ndalama za anthu ndi lonjezo la phindu, kapena wochita malonda opereka upangiri wa kaikidwe ka ndalama, ayenera kukhala ndi laisensi yochokera kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, malinga ndi Financial Services Act la 2010. Kuchita zimenezi popanda laisensi ndi mlandu. Satifiketi yongolembetsa dzina la bizinesi si laisensi imeneyi ayi, ngakhale ambiri amaionetsa pa Facebook ngati umboni. Muli ndi ufulu wofunsa dzina lenileni la kampani, komwe kuli ofesi yake ndi laisensi yake, kenako n'kufunsa ku Reserve Bank ku Lilongwe ngati ikudziwika. Wokwiya ndi mafunso amenewa kapena wokufulumizitsani kuti malo atsala ochepa, musamupatsenso kanthu.

Tsopano za K300,000 yanu. Musatuluke pagulupo msanga ndipo musafufute chilichonse. Jambulani mauthenga onse, makamaka pomwe analonjeza phindu, manambala a oyendetsa gulu, ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita, womwe uli ndi tsiku, nambala yolandira ndi dzina la mwini wake. Lero lomwe dziwitsani kampani ya foni yomwe munatumizira, chifukwa ndalama ikakhala isanatapidwe mwayi umakhalapo. Mukatero pitani ku polisi ya Dedza mukapereke sitetimenti yakuti munaberedwa mwachinyengo, womwe ndi mlandu pansi pa Penal Code, lamulo lalikulu la milandu m'dziko muno, ndipo Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola kuti mauthenga a pa foni alandiridwe ngati umboni. Lemberaninso dandaulo kwa Registrar, kuti ena asagwere m'mbuna yomweyo. Munthuyo akadziwika, muthanso kukamusumira ku bwalo la majisitireti kuti abweze ndalamayo, ndipo ngati simungathe kulipira loya, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu otere. Ndikuuzeni mosabisa kuti ndalama zotere sizibwerera kawirikawiri, makamaka ngati nambala inalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina, koma dandaulo la anthu angapo opita limodzi limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Pali chinthu china chimene ndikuchenjezeni ngati mlongo wanga. Ngati munakopa anzanu a pantchito kapena a kumpingo kuti alowe, ndipo munalandirapo kangachepe pa munthu aliyense, lekani pompano ndipo mukanene zimenezi pa sitetimenti yanu, chifukwa nanunso mungathe kufunsidwa mlandu kapena kusumiridwa ndi omwe anataya ndalama kudzera mwa inu.

Za penshoni yeniyeniyo, funsani ku kampani yomwe imaisunga, osati pagulu. Lamulo limakupatsani ufulu wolandira sitetimenti yoonetsa zomwe zalowa ndi phindu lake. Iyerekezeni ndi mapepala anu a malipiro, popeza olemba ntchito ena amadula 5 peresenti koma osaitumiza, pomwe lamulo limati aitumize pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Mukapeza miyezi yosoweka, alembereni abwana anu, musunge kope la kalatayo, ndipo akapanda kukonza mukadandaule kwa Registrar yemweyo. Muonenso fomu ya anthu odzalandira ndalamazi inu mutamwalira, kuti maina a ana anu onse alipo.