Kodi Tarmogoyf akadali ndi malo m'mipikisano ya Modern?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mmodzi wa owerenga athu amene akukhala ku Johannesburg, ndipo ndaifupikitsa motere. Iwo anayamba kusewera masewera a makhadi otchedwa Magic: The Gathering chaka chatha pa sitolo ina ya masewera imene ili pafupi ndi kuntchito kwawo. Mnzawo wina amene akusiya masewerawa akufuna kuwagulitsa makhadi anayi a Tarmogoyf pa mtengo wotsika, ndipo wawauza kuti limeneli ndi khadi limene linkalamulira mipikisano ya Modern, umene ndi umodzi mwa mitundu ya kaseweredwe ka Magic, wokhala ndi mndandanda wakewake wa makhadi ololedwa. Funso lawo ndi lakuti, ngati khadili linali loopsa chomwecho, n'chifukwa chiyani silikuonekanso kawirikawiri m'madeki (milu ya makhadi imene osewera amasewera nayo) amene akupambana masiku ano, ndipo kodi munthu akaligula angapite nalo kumpikisano osabwerako ndi manyazi?

Zikomo kwambiri, achimwene, chifukwa cholemba. Mnzanuyo sanakunamizeni, koma nkhani imene akukuuzani ndi ya zaka zoposa khumi zapitazo. Tarmogoyf sanachepe mphamvu ngakhale pang'ono chilowereni m'masewerawa. Chimene chasintha ndi mtengo umene mdani wanu amalipira kuti amuphe, pamodzi ndi zimene osewera akuyembekezera kupeza pa chilombo (creature) cha mana awiri, mana kukhala chimene wosewera amalipira kuti aponye khadi, ndipo pa zinthu ziwirizi m'pamene pagona yankho lonse.

Tiyambe ndi khadi lenilenilo. Linatuluka mu 2007 mu seti ya Future Sight, ndipo limafuna mana awiri, amodzi mwa iwo obiriwira. Mphamvu yake yomenyera imafanana ndi chiwerengero cha mitundu ya makhadi amene ali m'manda (mulu wa makhadi amene agwiritsidwa ntchito, atayidwa kapena afa) a osewera onse, osati anu okha, ndipo kulimba kwake kumaposa chiwerengero chimenecho ndi imodzi. Mitunduyi ndi land, creature, instant, sorcery, artifact, enchantment, planeswalker ndi tribal imene tsopano ikutchedwa kindred, ndipo mu 2023 anawonjezerapo battle. Chosangalatsa n'chakuti mawu ofotokozera amene anasindikizidwa pa khadi loyambalo anatchula planeswalker mtunduwo usanabadwe, popeza makhadi oyamba a planeswalker anabwera miyezi ingapo pambuyo pake mu seti ya Lorwyn.

Kuti muone chimene chinkachititsa anthu mantha, tangoganizirani masewera wamba a deki ya Jund, ya makhadi akuda, ofiira ndi obiriwira, ya m'masiku amenewo. M'ndime yoyamba mwaika Verdant Catacombs, imene ndi land (khadi la mtundu umene nthawi zambiri umapereka mana), mwaipereka kuti mutenge land ina m'deki mwanu, ndipo yapita kumanda. Pomwepo mwaponya Thoughtseize, mwasuzumira m'manja mwa mdani n'kumutayitsa chilombo chake chabwino. Masewera asanapite kulikonse, m'manda muli kale land, sorcery ndi creature, kotero kuti Tarmogoyf amene mukumuika m'ndime yachiwiri akutera pa tebulo ali 3/4, kutanthauza mphamvu yomenyera 3 ndi kulimba 4. Mdani ali ndi Lightning Bolt m'manja, khadi la mana amodzi limene limavulaza katatu, koma silikwanira, ndipo akaliponya kwina kulikonse ndiye kuti waika instant m'manda n'kukulitsa chilombo chanu kufika 4/5. Palinso msampha umene wagwira osewera atsopano osawerengeka. Tarmogoyf akakhala 2/3 ndipo m'manda mulibe instant, munthu amaganiza kuti Bolt imupha, koma malamulo amati khadilo likatha ntchito yake limayamba lalowa m'manda masewera asanaone ngati chilombo chafa. Pofika nthawi yoona, Tarmogoyf ali 3/4 ndi mabala atatu okha, ali moyo, ndipo woponyayo wangotaya khadi lake pachabe.

Kuyambira pamene Modern inakhazikitsidwa mu 2011 mpaka cha m'ma 2016, palibe chilombo china cha mana awiri chimene chinkapereka thupi lalikulu chotero popanda chokuvutitsani. Njira zomuphera zinalipo, koma iliyonse inali ndi mtengo wake. Terminate ndi Abrupt Decay zinkafuna mana awiri, ofanana ndi amene inu munalipira. Path to Exile inkafuna amodzi, koma inkakupatsani land yaulere. Dismember inkadya moyo wa woiponya ngati akufuna kuiponya motchipa. N'chifukwa chake khadi limodzi linafika pa madola a ku America pafupifupi 200, ndipo madeki amene sanali obiriwira kwenikweni ankaonjezera mtundu wobiriwira chifukwa cha iye yekha. Pa Grand Prix ya ku Las Vegas mu 2015, wosewera wa ku Canada, Pascal Maynard, ali m'gulu la anthu asanu ndi atatu omaliza, posankha makhadi omangira deki yake anatenga Tarmogoyf wonyezimira m'malo mwa Burst Lightning imene ikanathandiza deki yake, ndipo nkhaniyo inautsa mkangano waukulu pakati pa akatswiri. Umu ndi mmene dzina la khadili linalili lolemera, ndipo mnzanuyo akamalankhula, akukumbukira nyengo imeneyi.

Zinthu zinatembenuka mu Januwale 2017 pamene seti ya Aether Revolt inabweretsa Fatal Push. Khadili limafuna mana amodzi akuda ndipo limapha chilombo chilichonse chimene mtengo wake ndi mana awiri kapena kucheperapo, osayang'ana kukula kwake. Apa m'pamene panali bala lenileni, chifukwa ulemu wonse wa Tarmogoyf unali pa kukula, ndipo Fatal Push safunsa za kukula. Kaya ali 5/6, amafa chimodzimodzi ndi kachilombo ka 1/1, ndipo inu mwalipira mana awiri pamene mdani walipira amodzi osakupatsani kanthu. M'masewera amene nthawi zambiri amagamulidwa m'ndime zinayi kapena zisanu zoyambirira, kusiyana kwa mana amodzi kumeneku si nkhani yaing'ono.

Kenaka kunabwera maseti a Modern Horizons, amene amalowetsa makhadi atsopano mu Modern mwachindunji osadzera mu Standard, mtundu wa kaseweredwe umene umalola maseti aposachedwa okha. Yachiwiri, ya mu 2021, ndiyo inasintha kwambiri nkhope ya masewerawa. Unholy Heat imavulaza kasanu ndi kamodzi ndi mana amodzi ngati m'manda mwa woiponya muli mitundu inayi ya makhadi, kutanthauza kuti manda omwewo amene amanenepetsa Tarmogoyf ndi amenenso amanola mpeni womuphera. Solitude amachotsa chilombo pa tebulo popanda kulipira mana alionse ngati mwini wake wapereka khadi lina loyera la m'manja. Murktide Regent amatha kubwera ndi mana awiri okha pomeza makhadi a m'manda, amauluka, amatha kufika 8/8, Fatal Push samukhudza chifukwa mtengo wake wolembedwa ndi mana asanu ndi awiri, ndipo pomeza mandawo amaondetsanso Tarmogoyf wanu.

Koma kwa ine chifukwa chachikulu sichili pa makhadi opha, chili pa anzake amene akupikisana naye malo m'deki. Deki ili ndi makhadi 60, ndipo malo a zilombo zotchipa ndi owerengeka. Ragavan, Nimble Pilferer, wa mana amodzi, akangomenya mdani kamodzi amakupatsani Treasure, imene mungaipereke kuti mupeze mana amodzi, komanso mwayi woponya khadi la pamwamba pa deki ya mdaniyo. Orcish Bowmasters wa mu 2023, wa mana awiri ngati Tarmogoyf, amalowa nthawi iliyonse, amavulaza kamodzi polowa ndi kusiya chilombo chachiwiri pa tebulo, kotero kuti ngakhale aphedwe nthawi yomweyo, wakusiyirani kanthu. Tarmogoyf akaphedwa sasiya chilichonse, sauluka, sadutsa chotchinga, ndipo kachilombo kalikonse kakang'ono kakhoza kuima patsogolo pake ndime ndi ndime. M'chaka cha 2024, Modern Horizons 3 inatulutsa Nethergoyf, wa mana amodzi akuda, amene amawerenga manda a mwini wake okha koma amatha kudzuka kwa akufa. M'makhadi a Commander a seti yomweyo muli Disa the Restless, amene amapanga matokeni a Tarmogoyf, kutanthauza makope ake amene amabadwira pa tebulo pomwepo osachokera m'deki. Ndinaseka nditaliona khadi limenelo, ngakhale kuti kuseka kwake kunali kowawa pang'ono kwa ife amene tinasunga ndalama miyezi yambiri kuti tigule anayi.

Musamve ngati ndikunena kuti khadili ndi lachabe. Chilombo cha 4/5 kapena 5/6 cha mana awiri chikadali chinthu choti mdani ayankhe, ndipo akapanda kukhala ndi yankho m'manja, masewera amatha msanga. Pokumana ndi madeki ofiira othamanga amene amadalira kuvulaza katatu, Tarmogoyf amaimabe ngati khoma. Pokumana ndi madeki amene amasonkhanitsa makhadi awo kuti apambane kamodzi n'kamodzi, kumuika m'ndime yachiwiri mutatayitsa mdani khadi lofunika kukadali njira yabwino yomufulumizitsa kumanda asanakonzeke. Mukamusewera, mangani deki yomudyetsa. Mishra's Bauble ndi artifact yaulere imene imalowa m'manda yokha, Urza's Saga imapereka mitundu iwiri pa khadi limodzi chifukwa ndi land komanso enchantment, ndipo ma land operekedwa aja asachepe. Chenjeraninso ndi Rest in Peace pamasewera achiwiri ndi achitatu ndi mdani yemweyo, pamene amaloledwa kusintha makhadi ena m'deki mwake, popeza khadi limeneli likakhala pa tebulo manda onse amakhala opanda kanthu ndipo chilombo chanu chimatsala 0/1.

Funso lenileni tsono ndi lakuti mukufuna kukasewera kuti. Mu Standard ndi mu Pioneer khadili sililoledwa n'komwe. Mu Modern ndi mu Legacy ndi lololedwa. Mu Commander mungaike limodzi lokha, ndipo pa tebulo la anthu anayi amene aliyense ayamba ndi moyo 40, chilombo chongomenya sichipindula zambiri. Ngati cholinga chanu ndi Friday Night Magic, masewera a Lachisanu madzulo pa sitolo yanu, kumene anthu ambiri amabwera ndi madeki amene amawakonda osati amene apambana mpikisano waukulu sabata yatha, deki ya Jund yokhala ndi Tarmogoyf anayi idzakupambanitsani masewera ambiri, ndipo idzakuphunzitsani kuwerenga manda, kusunga yankho ndi kudziwa nthawi yomenya, zimene madeki ena saphunzitsa. Ngati mukufuna kukapikisana kuti mupite ku mipikisano ikuluikulu, yambani mwasankha deki kuchokera pa zotsatira za posachedwa, ndipo mugule makhadi amene dekiyo ikufuna. Kuyamba ndi khadi n'kumafunafuna deki yoti mulilowetsemo ndi njira imene imadya ndalama zambiri, ndipo ine ndinaiyendapo.

Pa za mtengo, musalole kuti mbiri ya madola 200 ilowe m'kukambirana kwanu. Khadili lasindikizidwanso kangapo, mu Modern Masters ya 2013, ya 2015 ndi ya 2017, mu Ultimate Masters ya 2018 ndi mu Time Spiral Remastered ya 2021, ndipo lero likugulitsidwa pa kachigawo kochepa ka mtengo wakale uja. Onani mtengo wa tsikulo pa intaneti, ndipo muyang'ane seti yeniyeni ya makhadi amene akukupatsaniwo, chifukwa a Future Sight amakhala okwera kuposa enawo.

Chinanso, pa nthawi imene khadili linali lodula, anthu achinyengo anapanga abodza ambiri, ndipo ena akuzungulirabe m'manja mwa anthu amene sadziwa n'komwe kuti ndi abodza. Makhadi osindikizidwa kuyambira mu Modern Masters ya 2015 ali ndi kachidindo konyezimira pansi pakati, koma a Future Sight ndi a 2013 alibe, choncho kusowa kwa kachidindoko pa amenewa si umboni wa chinyengo. Musanapereke ndalama, pitani nawo onse anayi kusitolo kwanuko, muwatulutse m'mapulasitiki mwake, ndipo mupemphe mwini sitolo kapena woweruza wa masewera kuti awayerekeze ndi khadi lenileni la seti yomweyo pansi pa galasi lokulitsa.