Musanathamangire fsck, dziwani kaye komwe kuli disiki

Bambo wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo yodandaula kuti Raspberry Pi yawo (kakompyuta kakang'ono), yomwe imayaka kudzera pa netiweki, yayamba kuwononga mafayilo, ndipo akufunsa ngati fsck, pulogalamu yofufuza ndi kukonza dongosolo la mafayilo pa disiki, ingathandize. Funsoli landikhudza chifukwa vuto lomweli linandisowetsapo tulo pa sukulu ina ya kufupi ndi Kawale, komwe kunali timakompyuta ta Pi 3 Model B topanda SD card, tonse tikudalira seva imodzi (kompyuta yotumikira zinzake pa netiweki) yomwe inkakhala pansi pa tebulo m'chipinda cha aphunzitsi.

Kakompyuta kotere kakamayaka, kamapempha adiresi ya pa netiweki ku DHCP (yomwe imagawa maadiresi), kamatenga kernel (mtima wa Linux) kudzera pa TFTP (njira yosavuta yotumizira mafayilo), kenaka mafayilo ake onse kamawawerenga ndi kuwalemba pa NFS, njira yogwiritsira ntchito disiki ya seva kudzera pa netiweki. Disiki yeniyeni ili pa seva, ndipo fsck siingakonze NFS kuchokera pa Pi. Ku sukulu kuja magetsi akathima masana, m'mawa mwake tinkapeza mafayilo a ophunzira ali ndi maina okha, m'kati mulibe kanthu, ndipo aphunzitsi ankangoloza ana chala kuti ndiwo akuseweretsa makina. Nditatsegula /etc/exports pa seva, fayilo yonena mafoda ogawidwa pa NFS, ndinapezamo mawu akuti async, omwe amachititsa seva kuyankha kuti yalemba pomwe zinthuzo zikadali mu RAM, momwe zimafufutika magetsi akathima, sizinafike pa disiki. Sevayo inalibenso UPS, batire lothandiza magetsi akathima.

Ndinena mosabisa: aliyense woika async pa seva yopanda UPS mu Lilongwe muno akudziputira yekha mavuto, ndipo liwiro limene amapezalo silingalipire ntchito ya ophunzira yomwe yatayika. Chimodzimodzi awo amene amayatsira Pi ndi tchaja cha foni chogula pa msika. Pi 3 imafuna 5V ndi 2.5A, Pi 4 imafuna 3A, ndipo mphamvu ikaperewera dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel, imadandaula za under-voltage. Ngati mwalumikizako disiki ya USB, imaduka ikulemba, ext4 (dongosolo la mafayilo pa disikiyo) n'kuwonongeka. Anthu amafulumira kudzudzula Linux, koma vuto lili pa waya wa tchaja.

Zoti muchite, bambo

Lembani findmnt kuti muone ngati mafayilo owonongekawo ali pa NFS kapena pa disiki yolumikizidwa ku Pi, kenaka werengani dmesg pa makina amene ali ndi disikiyo, mukuyang'ana mizere ya EXT4-fs error. Yezani thanzi la disiki ndi smartctl, ndipo ikaoneka kuti ikutha, ikopereni kaye ndi ddrescue. Mukatero isiyitseni kugwira ntchito ndi umount musanayendetse e2fsck -f (fsck ya ext4), chifukwa kuiyendetsa pa disiki yomwe ikugwira ntchito kumawonjezera chiwonongeko. Superblock (gawo lofotokoza dongosolo la disiki) ikakana, yesani e2fsck -b 32768, ndipo zidutswa zopulumuka mudzazipeza mu foda ya lost+found. Pomaliza sinthani async kukhala sync mu /etc/exports, yendetsani exportfs -ra pa seva kuti kusinthako kugwire ntchito, ndipo Pi iliyonse ikhale ndi foda yakeyake pa seva, osati ziwiri kulemba malo amodzi.