Tikamaliza kuyeserera, onse amangoti duu

FUNSO: Ndimatsogolera azamba ndi anamwino poyeserera pa chidole mmene tingathandizire khanda lobadwa losapuma. Tikamaliza ndimawauza zonse zimene alakwitsa, iwo n'kumangogwedeza mutu. Mwezi wotsatira, zolakwika zomwe zija. Nditani? Mayi mzamba, Dedza.

YANKHO: Mayi, chachikulu n'chakuti mukuyankhula ndinu. Munthu amasunga bwino chimene wachikumbukira yekha movutikira kuposa chimene wangouzidwa, ndiye ntchito yanu ndi kufunsa.

Asilikali a ku America anayamba m'ma 1970 kukhala pansi akatha kuyeserera, ndipo mafunso awo ndi anayi: timafuna kuchita chiyani, chachitika n'chiyani, chifukwa chiyani, tisintha chiyani. Mu 2013 akatswiri ofufuza Tannenbaum ndi Cerasoli ataphatikiza kafukufuku wambiri anapeza kuti kukambirana kotere kumakweza kagwiridwe ka ntchito ndi 20 mpaka 25 peresenti.

Phindu lagona pa funso lachitatu, lomwenso ambiri amalilumpha. Nenani chimene mwaona ndi maso, kenako funsani: "Panadutsa masekondi 90 musanayambe kupopa mpweya, pomwe maphunziro othandiza makanda kupuma a Helping Babies Breathe amati pasathe mphindi imodzi. Munkaganiza chiyani nthawi imeneyo?" Wina adzati ankayesa kuti ayambe wayamwa mamina onse. Wina adzati ambu bag, chipangizo chopopera mpweya, inali mu kabati. Wina, mwina motsitsa mawu, adzati amadikira asisitala alamule. Kuchedwa n'kumodzi, koma woyamba akufunika chiphunzitso, wachiwiri thebulo lokonzeratu, wachitatu chilolezo choyamba yekha. Mukangoti "muzifulumira" simunachize ngakhale mmodzi.

Za kukhala duu zija, nthawi zambiri ndi mantha. Nenani musanayambe kuti si mayeso ndipo sizikafika kwa abwana. Khalani pansi nonse, inunso. Ayambe kuyankha ndi wamng'ono pantchito, chifukwa wamkulu akangoyankhula enawo amangovomereza. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka 10 musanadziyankhe nokha. N'kovuta, koma wina amatsegula pakamwa ndithu.

Kambiranani nthawi yomweyo, asanabalalike. Kuyeserera kwa mphindi 5 kupatseni mphindi 10 kapena 15 zokambirana, pa mfundo ziwiri basi, ndipo imodzi ikhale ya chimene chayenda bwino, kuti adziwe chifukwa chake chinayenda.

Kenako abwerere pa chidole pompo. Ngati chifuwa sichimakwera, akonzenso masiki, akhazike mutu bwino, atsegule kukamwa, apope mpaka onse aone chikukwera. Mubwerezenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, osati mwezi.